Kodi Thukuta Ndi Chikalata cha Malo?

Pa 15 February 2000, m'mawa kukuzizira, apolisi a mumzinda wa New York ku Amereka adakalimbana ndi chule. Musaseke awerengi, nkhaniyi ndi yoona. Chuleyo chidali chimphona chopanga ndi manja, chachikulu moti anthu ankagonamo, ndipo adachikhazika pachipata cha dimba lina mumsewu wa East 7th Street kuti chizilondera mbewu ndi maluwa. Dimbalo linkatchedwa Esperanza, liwu la Chisipanishi lotanthauza chiyembekezo. Amene adaliyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi mai wina wochokera pachilumba cha Puerto Rico pamodzi ndi ana ake ndi anansi ake, ndipo chule adamusankha chifukwa kwawoko kuli kachule kotchedwa coquí komwe amakanyadira monga ife tinyadira chambo. Tsikulo anthu 31 adamangidwa, ena atadzimangirira ndi maunyolo kuti asachotsedwe, ndipo dzuwa lisanapendeke katapila adali atasalaza zonse. Ntchito ya zaka zoposa 20 idatha m'maola ochepa chabe.

Chifukwa chomwe akuluakulu a mzindawo adapereka chidali chomveka ndithu: pamalopo pafunika kumanga nyumba. Nanga ndani angatsutse zomanga nyumba mumzinda momwe anthu ena amagona m'makhonde a sitolo chisanu chikugwa? Apa ndiye pagona funso langa sabata ino. Munthu amene wagwira khasu zaka makumi awiri pamalo omwe si ake, nkusandutsa dzala kukhala dimba, kodi ali ndi chake pamenepo? Kapena ndi mlendo basi, woti akauzidwa kuti nyamuka angonyamuka, nkuthokozanso kuti adamulekerera nthawi yonseyi?

Tibwerere m'mbuyo pang'ono kuti tione kumene madimbawa adachokera. M'zaka za m'ma 1970 New York udali mzinda wodwala, ndipo mu 1975 udatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Eninyumba ambiri m'madera a amphawi monga South Bronx, Harlem ndi Lower East Side ataona kuti lendi sikuwapindulira adangozithawa nyumba zawo. Zambiri zidapsa ndi moto, zina zidatenthedwa dala kuti eni ake adye ndalama za inshulansi. Mzinda udalanda mapuloti amenewa chifukwa cha misonkho yosalipidwa, koma udalibe ndalama zochitira nawo kanthu. Adasanduka madzala: zidutswa za njerwa, matayala, matiresi owola, makoswe, ndi anyamata ogulitsa mankhwala ozunguza bongo.

Amene adalowa m'madzalamo ndi anthu a lendi a m'nyumba zotsalazo. Mu 1973 mai wina waluso lojambula, Liz Christy, ndi anzake omwe adadzitcha Green Guerillas adayamba kuponya mbewu ndi feteleza kuseri kwa mipanda ya mapuloti otsekedwa, kenako adayeretsa puloti ina pamphambano ya Bowery ndi Houston Street. Chaka chotsatira mzinda udawabwereka malowo pa dola imodzi pamwezi. Mu 1978 mzinda udakhazikitsa nthambi yotchedwa GreenThumb yoyang'anira madimba otere, ndipo adachuluka mpaka mazanamazana. A ku Puerto Rico adamangamo tinyumba tamatabwa tofanana ndi takwawo, momwe ankaphikiramo, kuimba ng'oma ndi kuchezeramo ndi okalamba. Bambo wina wotchedwa Adam Purple (mbiri yake idadzaipa zedi atamwalira, koma imeneyo ndi nkhani ina) ankapalasa njinga kukatola ndowe za mahatchi ku Central Park kuti apange dothi pomwe padali zibuma zokhazokha. Dimba lake lidagumulidwa mu January 1986 kuti pamangidwe nyumba za anthu opeza pang'ono. Tisabise, mzinda sudanamize munthu aliyense. Pangano lidali lakuti akulima mongoyembekezera, tsiku lomwe malo adzafunike achoke.

Anthu ophunzira amakonda kutchula John Locke pankhani ngati iyi. Mngelezi ameneyu, m'buku lake lonena za boma lomwe lidatuluka mu 1689, adaphunzitsa kuti munthu ndi mwini wa thupi lake ndi mphamvu zake, kotero akasakaniza mphamvuzo ndi nthaka yopanda mwini, nthakayo isanduka yake. Mfundoyi imakoma m'khutu, makamaka kwa ife ana a alimi, ndipo ndikadakonda kuitola nkutetezera anthu a ku Esperanza. Koma ine ndimaiopa. Ndi mfundo yomweyi yomwe atsamunda adanyamula popita ku Amereka, nkumati popeza eni dziko kumeneko sadali kulima monga alimira Angelezi, ndiye kuti nthakayo ilibe mwini. Kunonso tikudziwa mmene zidayendera. Harry Johnston atayamba kupereka zikalata za malo kwa azungu m'zaka za m'ma 1890, makolo athu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu adangozindikira asanduka alendo pa nthaka yomwe ankailima, nkumagwira thangata kuti asathamangitsidwe. Thukuta lidali lawo, chikalata chidali m'thumba mwa wina. Lamulo loti wolima ndiye mwini limagwira ntchito ngati wolimayo ali ndi mfuti kapena loya.

Palinso vuto lina. Thukuta likadakhala chikalata, bwenzi aliyense wodzala mbatata pabwalo la sukulu atasanduka mwini bwalolo, ndipo mzinda uliwonse ukadalephera kulambula msewu kapena kumanga chipatala. Malo a mzinda ndi a anthu onse, kuphatikizapo mai wa ana atatu amene sadagwirepo khasu m'dimbamo chifukwa amagwira ntchito usiku, koma ali pamndandanda wodikira nyumba. Ameneyu alibe chule womulondera, ndipo atolankhani sitimamujambula chifukwa sitidziwa kumene ali. Choncho pa funso la pamwambalo ndiyankha kuti ayi. Thukuta silipatsa munthu umwini wa malo.

Komatu mawu akuti "si ako" ndi akuti "ulibe nazo kanthu" amasiyana, ndipo agogo athu kusiyanaku ankakudziwa bwino kuposa maloya a ku New York. Kumudzi munthu akakubwereka munda, mundawo sukhala wako, aliyense amadziwa zimenezo. Koma mwini munda sangatulukire mu February chimanga chili ndi ngayaye nkukuuza kuti zula. Amadikira ukolole. Amakuuza nthawi ilipo kuti chaka chamawa ufune kwina. Ngati udadzalamo nthochi kapena mango, kapena udagwetsa chulu nkuthira manyowa, nkhani imafika kwa a mfumu, anthu nkukhala pansi kuona chomwe ungatengeko. Wochita mosiyana ndi izi amatchedwa wankhanza, ngakhale mundawo ndi wakedi. Ndiye kuti thukuta limabala ngongole. Mwini malo amakhalabe mwini, koma tsopano ali ndi mangawa kwa amene adawasamala, ndipo mangawawo amakula ngati mwiniyo adawataya malowo dala, nkudzawakumbukira ataona kuti akongola.

Izi ndi zomwe a Rudolph Giuliani, mfumu ya mzinda wa New York kuyambira 1994 mpaka 2001, adakana kuvomereza. Mu 1999 adalamula kuti madimba oposa 100 agulitsidwe pa okushoni, ndipo odandaula adawayankha kuti nthawi ya chikomyunizimu idatha, tsopano ndi nthawi ya msika. Ofesi yawo inkati anthu asankhe: maluwa kapena nyumba? Funsoli lidali msampha. Pa okushoniyo panalibe lamulo loti wogula amange nyumba za lendi yotsika. Wopambana adali wa ndalama zambiri, achite nawo zomwe afuna. Ndiponso mzinda udali ndi mapuloti ena masauzande omwe adali gwaa, opanda ngakhale duwa limodzi. Mu May chaka chomwecho, kutatsala tsiku limodzi kuti okushoni ichitike, bungwe la woimba wotchuka Bette Midler lotchedwa New York Restoration Project pamodzi ndi lina lotchedwa Trust for Public Land adagula madimbawo ndi ndalama zoposa madola 4 miliyoni. Anthu adavina, ndipo nkoyenera. Koma ine nkhaniyi siyindisangalatsa kwenikweni. Chinthu chomwe chapulumuka chifukwa munthu wolemera wamva chisoni chapulumuka mwamwayi, ndipo Esperanza mwayiwo udalibe. Pamalo pake padamangidwa mafulati omwe ambiri adali a lendi ya pamsika. Anthu opeza pang'ono adawasiyira pafupifupi fulati imodzi mwa asanu alionse.

Chowawa kwambiri ndi ichi. Mu 2008 akatswiri awiri, Ioan Voicu ndi Vicki Been, adatulutsa kafukufuku woonetsa kuti m'madera osauka a New York, mtengo wa nyumba zoyandikana ndi dimba umakwera ndi pafupifupi 9 pa 100 iliyonse pakatha zaka zisanu dimbalo litayamba. Taganizani bwino. Amphawi achotsa zinyalala ndi manja awo, athamangitsa ogulitsa mankhwala, adzala mitengo. Dera lakongola. Ndani wapindula? Mwininyumba amene adathawa, poti tsopano akweza lendi. Mzinda, poti misonkho yakwera. Womanga nyumba zamalonda, poti wapeza puloti pamalo abwino. Wolima uja ndiye woyamba kuchoka, kawiri konse: m'dimba ndi m'nyumba. Khasu lake lomwe lamukumbira dzenje. Tsono munthu akandiuza kuti wolimayo alibe choti adandaule popeza pangano lidali loyembekezera, ndimamufunsa kuti, nanga phindu lomwe iye adapanga lapita kuti, ndipo adalandirako zingati?

Mwina wina afunsa kuti, koma dimba ndi chiyani kuti tichite kulilira chotere? Matimati ndi anyezi ali mbwee pamsika. Wofunsa chotere ayenera kuti amakhala m'nyumba yakeyake. Ine ndine wa lendi, ndipo m'zaka khumi ndasamuka kasanu. Nyumba ya lendi umalowa ukuwerengeredwa malamulo: usakhome msomali pakhoma, usasinthe penti, alendo asachuluke, pa geti patsekedwa nthawi yakuti. Tsiku lotuluka umayenera kuisiya monga udaipezera, ngati kuti sudakhalemo. Ubwino wa munthu wa lendi amauyeza poona kuti sadasiye chizindikiro. Panyumba ina ndidadzala papaya kuseri kwa bafa, nkumathirira ndi madzi ochapira. Atayamba kubereka eninyumba adatuma mnyamata kuti adule, ati mizu iwononga maziko. Ine ndikukhulupirira kuti chomwe chidawavuta ndi kuona wa lendi akuyamba kukhala ngati wapakhomo. Paja amati mlendo ndi mame, ndipo eninyumba ambiri amafuna mame enieni, okamuka dzuwa likangotuluka.

Dimba limaswa lamulo limeneli. Ndi malo okhawo pomwe munthu wa lendi amachita chinthu lero nkudzachipeza mawa chitakula. Wodzala mpiru akunena kuti mwezi wamawa adzakhala alipo, wodzala mtengo akunena kuti zaka zisanu zikubwerazi ndi wa pano. Munthu wosaloledwa kunena mawu amenewa angakhale ndi denga losadontha ndi mpopi wa madzi, koma mtima wake umakhala pa sutikesi. Ndipo munthu wa mtima wa pa sutikesi satola chinyalala pamsewu, safunsa dzina la mwana wa mnzake, sapita kumsonkhano wa kudera. Kenako akuluakulu amadabwa kuti nyumba zomwe adamangira amphawi zawonongeka msanga, nkumati amphawi sasamala zinthu. Asamala bwanji chinthu chomwe mudawauza tsiku loyamba kuti asachikhudze?

Dimba la anthu ambiri lili ndi ntchito inanso yomwe kabedi ka kuseri kwa nyumba sikangagwire. Limakakamiza anthu kulankhulana. M'mafulati mutha kukhala zaka zitatu khomo ndi khomo osadziwana, koma m'dimba muyenera kugwirizana za madzi, za kheni yothirira, za kiyi wa pachipata, za amene akuba matimati. Sindikuti mumakhala mtendere wokhawokha ayi. Aliyense amene adakhalapo m'komiti amadziwa kuti pomwe pali kiyi pali ndewu, ndipo madimba ena a ku New York adatsutsidwa kuti asanduka a kagulu kochepa kotsekera ena kunja. Koma anthu okangana za kheni ndi anthu odziwana mayina, ndipo mwana akasowa kapena gogo akadwala amadziwa khomo logogoda.

Ndisakunamizeni kuti dimba limakhala lolungama nthawi zonse. Pali mlandu wina wa mumzinda womwewu umene ine ndimaima mbali ya nyumba. M'dera la Nolita, lomwe kale lidali la amphawi ochokera ku Italy koma lidasanduka la anthu olemera, muli dimba lokongola la ziboliboli lotchedwa Elizabeth Street Garden. Mzinda udakonza zomangapo nyumba 123 za okalamba osauka, nkusiyako gawo lina kuti likhalebe bwalo la anthu onse. Okonda dimbalo adalimbana nazo m'makhoti kwa zaka, anthu otchuka monga Robert De Niro ndi Martin Scorsese adalemba makalata, ndipo mu June 2025 ofesi ya mfumu ya mzinda Eric Adams idalengeza kuti yasiya dongosololo, ati nyumba zidzamangidwa pamalo ena apafupi. Mawu omwe adagwiritsidwa ntchito ndi omwe aja a ku Esperanza: mpweya wabwino, ana, umodzi wa anthu a m'dera. Koma taonani amene adayenera kudikira. Ku Esperanza amphawi adataya dimba kuti opeza bwino apeze mafulati. Ku Elizabeth Street opeza bwino adasunga dimba, okalamba osauka nkuuzidwa kuti adikirebe. Maulendo onse awiri mphawi ndiye adabwerera chimanjamanja. Choncho ndikamva kuti pakutsutsana dimba ndi nyumba, sindithamangira kufunsa kuti chabwino nchiti. Ndimayamba ndafunsa kuti dimbalo ndi la yani, nyumbazo adzagonamo ndani, ndipo ndani waika zinthu ziwirizi pa sikelo imodzi pomwe malo ena alipo.

Ndipotu palibe chovuta kuti ziwirizi zikhale pamodzi. Bungwe la nyumba za boma mumzindawo, New York City Housing Authority, lomwe lidayamba mu 1934, lakhala ndi madimba a anthu a lendi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pomwe lidayambitsa mpikisano wa maluwa pakati pawo. Mu 2012 ku South Bronx, dera lomwe lija linkapsa, kudatsegulidwa nyumba zotchedwa Via Verde, mafulati 222 a anthu opeza pang'ono ndi apakati, ndipo pamadenga pake adakonzapo minda ya ndiwo zamasamba ndi mitengo ya zipatso. Amene adajambula pulani yake adawerenga dimba ngati chipinda china cha nyumbayo. Nkhondo ya a Giuliani nayo idatha mokambirana. Loya wamkulu wa boma la New York, Eliot Spitzer, adakasuma, ndipo mu September 2002 adagwirizana ndi mfumu yatsopano Michael Bloomberg kuti madimba pafupifupi 500 asungidwe, pamalo a ena pamangidwe nyumba zoposa 2,000. Pangano lidatinso dimba lisanachotsedwe nkhani yake iunikidwe poyera, ndipo olima asonyezedwe malo ena ngati alipo. Aaa, si zomwe zija a mfumu akumudzi amachita pansi pa mtengo? Kungoti ku New York zidatenga makhoti, maloya ndi anthu omangidwa kuti afike pamenepo.

Ndalankhula za kutali, koma inu amene mukuwerenga nyuzipepalayi muli m'minibasi tasuzumirani pawindo. Mvula ikagwa, m'mbali mwa misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, m'mapuloti osamangidwa, pansi pa mawaya a magetsi, mumamera chimanga, nkhwani ndi mbatata. Olimawo ambiri ndi a lendi, alonda, antchito a m'nyumba, amai ogulitsa mandasi. Nyumba zakale za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, monga za ku Chitawira, Nkolokosa ndi Area 18, zidamangidwa ndi kamalo kuseri komwe munthu ankadzalako repu ndi mtengo wa mapeyala. Midadada ya zipinda yomwe eninyumba amamanga m'makomboni imadya puloti yonse mpaka kumpanda, moti ngakhale poyanika zovala pamachita kukanganirana. Nanga munthu wotere akadzale kuti, ngati si m'mbali mwa msewu?

Makhonsolo a mizinda nthawi zina amatuma anyamata ndi zikwanje kukatchetcha chimangacho, ati mumabisala akuba ndipo mzinda si mudzi. Za akubazo sindikana, ndayendapo usiku m'tinjira ta m'chimanga mtima uli phaa. Amachenjezanso mvula isanagwe, nzoona. Koma chenjezo limauza munthu pomwe asalime, osamuuza pomwe alime, ndipo chikwanje chimafika iye atathira kale feteleza wa ngongole. Ndikadakhala khansala ndikadayamba ndi kuwerenga mapuloti omwe agona zaka khumi eni ake akudikira kuti mitengo ikwere, nkuwabwereka kwa magulu a anthu a lendi ndi pangano lolembedwa: mulime ndiwo ndi mbewu zazifupi, mudzauzidwa chaka chathunthu musanachoke, ndipo palibe wochotsedwa asanakolole. Ndipo pulani iliyonse ya nyumba za anthu opeza pang'ono ikafika patebulo, ndikadaitambasula nkufufuza ngati pali kachigawo kolembedwa kuti dimba, ndi mpopi wa madzi pafupi. Ikapanda, ndikadaibweza kwa amene adaijambula.